Mizere Itatu ya Kubango

Kwa Maseya ukafunsa nyumba ya a Geresomo, anthu amayamba aganiza kaye. Ukati kwa a Pasikelo, amakulozera pomwepo: nyumba ya njerwa zootcha, mtengo wa nimu pakhomo, benchi pansi pake. Dzinalo anabwera nalo kuchokera ku esiteti ya nzimbe, kumene anagwira ntchito ya ukalaliki wa pasikelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Thirakitala ikafika ndi ngolo ya nzimbe inkaima pasikelo, iwo n'kuwerenga kulemera kwake, n'kulemba pa tikiti, n'kusayina. Ntchito yonse inali yomweyo, m'kachipinda ka malata kamene pofika Okutobala kankatentha mpaka cholembera kuterera m'manja. Madalaivala ndi akapitawo ankawapatsa moni waulemu kwambiri, ena n'kumatama zolemba zawo kuti n'zowongoka ngati za makina. A Geresomo sanachedwe kuzindikira kuti munthu akayamba kutama dzanja lako, pali nambala imene akufuna kuti dzanjalo liwonjezere. Anapuma ntchito popanda tikiti ndi imodzi yomwe yowabwerera, koma anatulukako ali munthu wosamva kukoma kwa mawu okoma.

Chingerezi anachiphunzira kumishoni. Sukulu anaisiyira Fomu 2 bambo awo atamwalira, koma zaka zochepazo anaziphunzira kwa mphunzitsi wina amene sankalola mwana kuwerenga chamumtima. Unkaimirira, n'kuwerenga mokweza, iye n'kumamenya tebulo paliponse pamene unayenera kupuma. Njira imeneyo ndi imene a Geresomo ankathandizira ana a m'mudzi amene ankabwera pabenchi lawo masana akaweruka. Mwana ankawerenga zimene walemba, iwo atatsinzina, ndodo ili m'manja. Akagogoda pansi kamodzi, ndiye kuti pakufunika mpatuliro, kupuma kwa pang'ono. Akagogoda kawiri, mpumiro, chiganizo chatha. Chizindikirocho ankalemba ndi mwana mwini. A Geresomo sankalemba kanthu m'kope la mwana wa munthu, ngakhale kadontho, chifukwa ankati dzanja lako likalowa m'pepala la wina, sudziwa kumene pepalalo likagone. Ikakhala ntchito ya m'mabuku a nkhani ndi ndakatulo, ankauza mwanayo kuti ayambe wawafotokozera nkhani yonse m'Chichewa. Kenako ankangofunsa mafunso awiri: wanena mawu amenewa ndani, nanga iwe wadziwa bwanji? Malipiro sankalandira. Mayi wina atabweretsa nkhuku, nkhukuyo inabwerera tsiku lomwelo, akazi awo a Clotilda akuiyang'ana ndi chisoni mpaka kukhota panjira.

Chimene chinkawadyetsa awiriwa ndi dimba la m'mbali mwa Shire, mizere makumi awiri ndi isanu. Malire a dimbalo ndi la mnansi wawo Saulos anali phata la nthochi. Madzi osefukira a chaka chatha anatenga nthochizo ndi mizu yomwe, n'kusiya mchenga ndi matope osalala ngati palibe amene analimapo. Madzi ataphwa, Saulos, amene nyengo ya nzimbe amadula ku esiteti ndipo nyengo ina amalima, anayamba kunena kuti theka la dimba la a Geresomo linali la malemu bambo ake, a Vitu. Nkhani inapita kwa amfumu, ndipo anagwirizana kuti nduna ziwiri zidzabwera Loweruka kudzakhoma zikhomo.

Zoona zake ankazidziwa ndi a Geresomo ndi a Clotilda okha. Mizere makumi awiri ndi iwiri anawasiyira amalume awo. Itatu ya kubango, yonyowa kuposa yonse, anawabwereka a Vitu chaka china cha njala, Saulos adakali wakhanda, ndipo sanaifunsenso mpaka kumwalira. Mboni zonse zinali kumanda. A Geresomo ankaona kuti akangovomera za mizere itatuyo, Saulos agwira pomwepo n'kukoka theka lonse. Akakhala chete, mwina dimba likhala monga linalili. Choncho anatseka pakamwa, ndipo anauza akazi awo kuti ngakhale kuchitsime asalitchule dimbalo.

Lachiwiri la sabata lomwelo anafika Tithokoze, mwana wamkazi wa Saulos, wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera. Anakhala akubwera pabenchipo chaka chathunthu, ndipo mkangano wa akuluakulu sunamuletse. Anagwada, n'kupereka moni, n'kutulutsa kope. Anati m'kalasi awerenga nkhani ina mmene wolemba sananene kuti mkulu wa m'nkhaniyo ndi wouma mtima, koma owerenga amadziwira pa mawu ake enieni. Tsono aphunzitsi awapatsa ntchito yoti aliyense apeze munthu wamkulu wa m'mudzi, alembe mbiri yake m'Chingerezi, tsamba ndi theka, ndipo mawu otuluka pakamwa pa munthuyo awaike m'mitengero, tizizindikiro tija totsegula ndi kutseka mawu a mwini. Iye wasankha agogo a Geresomo. Mafunso anali atawalemba kale: munabadwira kuti, munaphunzira kuti, munagwira ntchito yanji, pano mumadya chiyani, munda munaupeza bwanji.

Funso lomalizalo linawalowa a Geresomo ngati minga ya m'chidendene. Anamufunsa mwanayo amene anakonza mafunsowo, iye n'kuti ena aphunzitsi, ena yekha. Anamufunsanso chifukwa chimene sanasankhire abusa, kapena azamba a kutsidya kwa msewu amene ali ndi mbiri yaitali. Iye anati abusa atengedwa kale ndi ana asanu ndi mmodzi. A Geresomo anati mutu ukuwawawa, abwere Lachinayi.

Mwana atachoka, a Clotilda, amene ankapeta mapira chapafupi, anaima kupeta, n'kuwaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Petro, mutu umenewu wayamba liti? Mwanayu wakhala pabenchi lanu chaka chonse, lero ndiye wasanduka kazitape?"

"Loweruka nduna zikubwera. Lachiwiri mwana wa Saulos akufuna mawu anga papepala. Inu simukuona kanthu?"

"Ndikuona nkhalamba ikuopa kope la sukulu."

A Geresomo ankaganiza za mitengeroyo. Mawu olankhula pansi pa mtengo amapita ndi mphepo, mawa ukhoza kunena kuti anakumva molakwika. Koma mawu otsekeredwa m'mitengero, dzina lako lili patsogolo, ndi ofanana ndi tikiti yosayina.

Lachitatu m'mawa anavala malaya oyera, n'kukwera kabaza kupita kusukuluko. Ananamizira kuti akufuna kuona buku la nkhani limene ana akuwerenga chaka chino. Mphunzitsi wa Chingerezi, mayi Priska, anawalandira ndi manja awiri. Ntchito ija inali idakali pabolodi, yolembedwa ndi choko, yopatsidwa kwa ana makumi asanu ndi atatu, yokapereka Lolemba. A Geresomo anaiwerenga kawiri. Za munda panalibe, panangolembedwa kuti mwana afunse mmene munthuyo amapezera chakudya. Mayi Priska anawonjeza kuti ana amene amapita kwa a Pasikelo amawazindikira msanga, ziganizo zawo zimapuma bwino, ndipo anawapempha kuti tsiku lina adzalankhule ndi kalasi yonse. Iwo anati mwendo umawavuta, n'kutsanzika.

Ali pakabaza pobwerera, mtima unali utayamba kutsika. Koma atadutsa patchalitchi anakumbukira kuti mayi Priska amaimba kwaya limodzi ndi mkazi wa Saulos. Anadziuza okha kuti mphunzitsi sangavutitse ana makumi asanu ndi atatu chifukwa cha dimba limodzi. Anadziuzanso kuti Saulos sadziwa Chingerezi, kope atalipeza angolikupizira mphepo. Pomwepo anakumbukira Fumbani, mlamu wake wa Saulos, kapitawo wa ku esiteti, amene amawerenga Chingerezi ndipo amayenda ndi foni yojambula mapepala. Anafika pakhomo mutu ukuwawa zenizeni.

Lachinayi anamuuza Tithokoze zonse zimene zinalibe nthaka mkati mwake. Anafotokoza za kumishoni, za mphunzitsi womenya tebulo, za ulendo wawo woyamba wa ku Nsanje kukafuna ntchito kuboma, kumene anabwezedwa chifukwa analibe nsapato. Anafotokoza za pasikelo, za phulusa la nzimbe zootchedwa limene linkagwa ngati mvula yakuda n'kudetsa matikiti, ndi za dalaivala wina amene anawabweretsera mbuzi yamoyo m'ngolo ya nzimbe n'kubwerera nayo. Mwanayo anaseka mpaka kugwetsa cholembera. Atafika pa funso la chakudya, anangoti amalima. Mwana anadikira, iwo n'kuyang'ana kumsewu. Anawathokoza, nati akalemba bwino kunyumba, mawa abwera nazo kuti aike zizindikiro.

Lachisanu dzuwa litapendeka anabweradi. Kope lili pamiyendo yake, a Geresomo anaona chidindo cha chala pakona ya tsamba, chamatope, chachikulu kuposa chala cha mtsikana. Anatsinzina monga mwa masiku onse, n'kumuuza kuti ayambe.

Anawerenga bwino. Ndodo inagogoda kamodzi, kamodzi, kawiri, mwana akuima kuti aike chizindikiro. Pamene anafika pa mawu a mphunzitsi wa kumishoni anaiwala kutseka mitengero, ndipo a Geresomo anamufunsa ngati mphunzitsiyo akulankhulabe mpaka lero. Anaseka, n'kutseka. Nkhani ya mbuzi anailemba mosangalatsa, ngakhale iwo sanamuuze kuti yawasangalatsa. Kenako anatembenuza tsamba, n'kuwerenga m'Chingerezi chomveka bwino kuti agogo a Geresomo anati, mitengero yotsegula, dimba limene ndimalima anandipatsa ndi malemu a Vitu, mitengero yotseka.

Ndodo sinagogode. A Geresomo anatsegula maso.

"Wanena mawu amenewa ndani?"

"Ndi inu, agogo."

"Liti?"

Mwanayo anayang'ana pansi. Anati tsamba ndi theka silinakwane, panatsala mizere inayi ya m'kope, ndipo aphunzitsi anati munthu wa m'nkhaniyo ayenera kunenapo za chakudya chake ndi pakamwa pake. Iwo anangoti amalima. Tsono iye anaikapo zimene amamva kunyumba tsiku ndi tsiku, poganiza kuti ndi zodziwika kale. A Geresomo anamufunsa ngati bambo ake anamuuza kuti alembe zimenezo, iye n'kuyankha m'Chisena cha kunyumba kwawo kuti nkhabe, ayi. Anamufunsa za chala chamatope. Anati bambo ake dzulo anachotsa kopelo pamphasa pofuna kukhala. Anamufunsa ngati amalume ake a Fumbani anafika pakhomo sabata limenelo. Anati anafika Lachinayi madzulo kudzatenga khasu. Maso ake anali atadzaza misozi, koma a Geresomo anaonapo madalaivala akulira pasikelo ngolo ili ndi miyala pansi pa nzimbe.

A Clotilda anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anati mwanayo angong'amba tsambalo, nkhani ithe, anthu asamakhale ngati ali kupolisi pakhomo pawo pomwe.

A Geresomo anaganizira za kung'amba. Tsamba long'ambika limasiya mano m'kope, ndipo mawa Saulos akhoza kuimirira pamaso pa nduna n'kunena kuti mkuluyu anavomera, kenako anaopseza mwana kuti ang'ambe. Anaganizira za kukhwatcha. Chokhwatcha chimawerengeka, ndipo chimakoka maso kuposa cholembedwa. Ngati Fumbani anajambula kale tsambalo, kung'amba ndi kukhwatcha zonse zinali zochedwa. Chiganizo chabodzacho chinalibe nambala, chinkapereka dimba lonse, kuposa theka limene Saulos ankafuna. Chimene chikanachigonjetsa ndi chiganizo china chokhala ndi nambala, cholembedwa ndi dzanja lomwelo la mwana wa Saulos, pa tsamba lomwelo. Akanatha kumuuza kuti alembe kuti mizere yonse makumi awiri ndi isanu inali ya amalume. Analiyesa bodzalo mumtima, koma linakana kufika pakamwa. Zaka zonse za pasikelo sanalembepo chimene sikelo sinanene, ndipo manja a mwanayo anali kale okonzeka, cholembera chili pamwamba pa pepala.

Anamuuza kuti adule chiganizocho ndi mzere umodzi wowongoka, osadetsa, kuti aliyense aone chimene chachotsedwa. Kenako anati atsegule mitengero.

"Lemba chonchi. Mizere makumi awiri ndi iwiri ya dimba langa anandisiyira amalume anga. Mizere itatu ya kubango anandibwereka malemu a Vitu chaka cha njala. Tseka."

"Bambo a Petro," anatero a Clotilda motsitsa mawu.

"Ndamva, mayi a Petro."

Tithokoze anamasulira m'Chingerezi, akufunsa liwu lililonse. Pamene analemba kuti anandipatsa, iwo anamukonza kuti kupatsa ndi kubwereka ndi zinthu ziwiri. Pamene analemba 3 ndi 22, anamuuza kuti alembe manambalawo m'mawu, chifukwa 3 safuna mphindi kuti asanduke 8 kapena 13 m'manja mwa munthu wa cholembera. Mwanayo anawerenga mokweza kawiri, ndodo ikugogoda kawiri pakati ndi kawiri kumapeto. Anamuuzanso kuti mizere iwiri ya m'kope yotsala pansi aidzaze ndi mawu ake, pasakhale malo oti wina n'kuwonjezerapo. Mwanayo analemba kuti agogo amalima chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo safuna kulandira nkhuku. Anatseka kope, nagwada, n'kumapita osatembenuka.

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanapse, anakumana kudimba. Panali nduna ziwiri, wina atanyamula mtolo wa zikhomo, Saulos ndi mkazi wake, Fumbani, ndi anthu angapo a madimba oyandikana. A Geresomo anayang'ana manja a aliyense. Kope panalibe. Foni ya Fumbani inali m'thumba la malaya, mutu wake ukuonekera, ndipo maso awo ankabwerera pomwepo nthawi ndi nthawi.

Saulos anayamba. Analankhula nthawi yaitali, akusakaniza Chimang'anja ndi Chisena, akuyenda m'mizere n'kumaponda pamene ankati mpamene panali nthochi. Anati bambo ake anamuuza ali pamphasa ya imfa kuti theka la nthaka iyi ndi lawo. Nduna ina inamufunsa ngati alipo wina amene anamva mawuwo, iye n'kuti amayi ake, amenenso anamwalira. Za kope sanatchule.

Itafika nthawi yawo, a Geresomo anazindikira kuti mwina kopelo silinawerengedwe ndi wina aliyense, ndipo chete wawo uja akanagwirabe ntchito. Koma mawu anali atalembedwa kale, Lolemba akawerengedwa ndi mphunzitsi woimba kwaya, ndipo munthu wonena zina kudimba ndi zina m'kope sakanakhulupiriridwanso pa mzere ndi umodzi womwe. Ananena ziganizo ziwiri zomwe zija, osachotsa, osawonjeza.

Saulos anatsegula pakamwa ngati wadabwa, n'kuyang'ana mlamu wake. Fumbani anayang'ana kumtsinje. A Geresomo anayesetsa kuwerenga nkhope ziwirizo, koma sanathe kudziwa ngati kudabwako kunali kwenikweni kapena kokonzekera kunyumba.

Ndunazo zinapita pambali kukanong'onezana. Pobwera, wamkuluyo anati munthu amene wadziulula yekha pa chinthu chimene palibe akanachidziwa, mawu ake pa zotsalazo ndi omveka. Za theka anati palibe umboni. Anawerenga mizere itatu kuchokera kubango, n'kukhoma zikhomo zinayi kutsata mzere wachitatu. Mbatata imene inali m'mizereyo anati akolole a Geresomo popeza anabzala ndi iwo, akatero aisiye nthakayo. Saulos anang'ung'udza kuti bambo ake sakananama, koma mkazi wake anamukoka malaya, ndipo anavomera.

Pobwerera a Clotilda anali patsogolo, khasu lili paphewa, akulankhula osacheuka. Anati mizere imeneyo ndi imene inkawapatsa chimanga chachiwisi Okutobala, ena onse akudya mapira. Anati Saulos analibe pepala, analibe mboni, analibe kanthu, ndipo mwamuna wawo wapereka nthaka yonyowa chifukwa choopa ntchito ya sukulu ya mwana wa Fomu 2. Kenako anafunsa ngati tsopano akhulupirira kuti mwanayo sanatumidwe.

"Sindikudziwa," anatero a Geresomo.

"Ndiye akabwera Lolemba ndi kope lake mumuthamangitsa?"

"Akabwera awerenge. Ine ndimva."

Anayenda pang'ono, kenako anauza akazi awo kuti atsogole, aiwala chipewa. Chipewacho chinali kumutu, ndipo a Clotilda anangopukusa mutu n'kupitiriza. A Geresomo anabwerera kudimba, kumene anthu onse anali atachoka. Anayamba pa chikhomo choyamba, n'kuyenda molunjika ku chulu cha kumtunda chimene madzi sanachifike, akuwerenga mapazi. Anachita chimodzimodzi ndi chikhomo chachiwiri, chachitatu ndi chachinayi, chifukwa chikhomo cha m'matope chimazuka ndi dzanja limodzi. Manambala anayiwo anawabwereza pakamwa mpaka atakhazikika m'mutu. Atatero anawerenga mizere imene inawatsalira. Inakwana makumi awiri ndi iwiri, ndipo anayamba kuzula udzu mu mzere woyamba wa pafupi ndi zikhomo.